Khadi la Cap Anson ndi Makadi Omwe Sadasindikizidwe

M'zaka za m'ma 1880, makampani a fodya ku America ankalowetsa m'mapaketi a ndudu timakadi tokhala ndi zithunzi za osewera baseball. Lero timakadi timeneti ndi chuma chenicheni, ndipo ena mwa omwe amafunidwa kwambiri ali ndi nkhope za amuna omwe adathandiza kutsekera anthu akuda kunja kwa bwalo. Kodi kusunga khadi lotere ndi kulemekeza tsankho? Ine ndikuti ayi, bola mwini wake akhale wokonzeka kunena nkhani yonse.

Za Cap Anson wa timu ya Chicago White Stockings sizibisika. Adali katswiri, ndipo adalowetsedwa mu Hall of Fame mu 1939. Koma mu 1883 ku Toledo adaopseza kuti sasewera ngati Moses Fleetwood Walker, munthu wakuda, alowa m'bwalo. Pa 14 July 1887, tsiku lomwe timu yake idasewera ndi Newark popanda George Stovey, bungwe la International League lidagwirizana zosiya kulemba osewera akuda atsopano. Chala chimodzi sichiswa nsabwe: eni matimu ndi omwe adakhoma chitseko, koma mawu a Anson adali olemera. M'zaka zomwezo nkhope yake inkatuluka pa makadi a Old Judge.

Nkhani ya Ty Cobb njovutirapo. Mbiri yake yoipa idakula ndi zolemba za Al Stump, zomwe Charles Leerhsen adatsutsa m'buku lake la 2015. Cobb adalidi munthu wandewu, komabe mu 1952 adalankhula poyera movomereza kuti anthu akuda azisewera limodzi ndi azungu. Wotaya khadi lake la T206 chifukwa cha mphekesera sadawerenge mbiri, monganso wosunga la Anson osafunsa kalikonse.

Chondivuta kwambiri ndi makadi omwe kulibe. Josh Gibson adamwalira mu January 1947, kutatsala miyezi itatu kuti Jackie Robinson asewerere Brooklyn Dodgers, ndipo makampani akuluakulu a makadi ku America sadamusindikize pa nthawi yomwe ankasewera. Mu 2024 Major League Baseball idaphatikiza ziwerengero za Negro Leagues m'kaundula wake, ndipo .372 ya Gibson idapitirira ya Cobb pa kumenya mpira. Kaundula adakonzedwa, koma khadi lomwe silidasindikizidwe pa nthawi yake silingabwezeretsedwe. Choncho bokosi la makadi akale limanama lokha, ngakhale mwini wake ali wamtima wabwino: limaonetsa ngati akatswiri onse adali azungu.

Khadi limasiyana ndi chipilala cha pabwalo, chifukwa silikakamiza aliyense kugwada. Wosonkhanitsa asunge Anson, koma amuike pambali pa chithunzi cha Walker ndi cha Stovey, ndipo mwana akafunsa chifukwa chake awiriwa sali odziwika, amuuze za 14 July 1887.