Za Mabuku a Chikondi cha Milungu, ndi Mayi Amene Aiwalika M'menemo

Masiku ano kwachuluka mabuku a Chingerezi amene atenga milungu ya Agiriki akale naisandutsa anyamata ndi anamwali a chibwenzi; ndipo popeza awerengeka pa foni, sachedwa kufika ngakhale kuno ku Dwangwa. Dzina la Zeus si lachilendo kwa inu owerenga, pakuti mulikumbuka m'Machitidwe 14, muja anthu a ku Lystra anatcha Barnaba dzina lomweli. Koma nthano imene alembi ameneŵa aikonda koposa ndiyo ya Hades, mfumu ya dziko la akufa, ndi namwali Persephone.

Tiyambe taiona monga anaiimba Agiriki eni ake, m'nyimbo yotamanda Demeter, ya zaka zoposa 2,500 zapitazo. Namwaliyo analikuthyola maluwa kudambo, ndipo nthaka inang'ambika, Hades natuluka, namgwira, napita naye alikulira. Atate wake Zeus anali atavomera kale, osafunsa amake. Tsono Hades yemweyo anali mlongo wake wa Demeter, ndiko kuti mtsibweni wa mwanayo. Kwathu kuno munthu wotere ndiye mwini mbumba, woyenera kutchinjiriza, si kulanda ai. Demeter, mulungu wamkazi wa dzinthu, anayendayenda masiku 9 ndi miuni m'manja, osadya, osasamba. Ndipo pambuyo pake anabisa mbewu m'nthaka chaka chathunthu kuti isamere. Anthu anatsala pang'ono kutha, ndipo Zeus anagonja poona kuti opereka nsembe adzasowa. Mwana anabwerera, koma popeza anadya njere ya khangaza kunsi kuja, anayenera kukhala komweko limodzi la magawo atatu a chaka chilichonse.

Nanga alembi a lero achita nayo chiyani? Scarlett St. Clair, m'buku lake A Touch of Darkness la 2019, amuika Persephone pa sukulu ya utolankhani m'mudzi waukulu wotchedwa New Athens, ndipo Hades ali mwini nyumba ya zosangalatsa za usiku. Katee Robert, mu Neon Gods la 2021, amthawitsa namwaliyo ukwati wa Zeus, naoloka yekha mtsinje wa Styx kukabisala kwa Hades. Chinthu chimodzi achita bwino, ndipo sindidzawamana thamo lake: afunsa ngati mwana wamkazi anafuna, funso limene Zeus sanalilingalire. M'dziko limene mu 2017 linakonza malamulo ake aakulu kuti mwana wosafika zaka 18 asakwatiwe, funso limeneli si lachabe.

Koma taonani mtengo wake. Kuti wolandayo akhale bwenzi, mlandu uyenera kugwera wina, ndipo augwetsera mayi. Kwa St. Clair, Demeter ndiye wotsekera mwana m'nyumba yagalasi. Kwa Robert, ndiye womgulitsa kwa Zeus chifukwa cha ukulu. Mkazi uja wa miuni, amene anapanikiza milungu yonse ndi chisoni chake chokha, asanduka chopinga chimene okondana ayenera kuchilumpha. Ndipo pochoka iye, njala ichokanso pakati pa nkhani, pamene nthano yonse inaimbidwa kuti imasulire chifukwa chake munda ukana.

Ife a kunyanja tidziwa minda ya mitundu iwiri. Mizimbe ya pa esiteti imwa madzi otsiriridwa, nikhala yobiriwira ngakhale m'Okutobala. Koma chimanga cha m'midzi yozungulira chiyang'ana kumwamba. Mabuku ameneŵa ali ngati mizimbe ija: atsekemera, ndipo sadziwa chilimwe. Amene anaona njala ya 2002 m'Chigawo cha Pakati, pamene anthu anadya mizu ya nthochi ndi gaga, sadzamuyesa Demeter nkhalamba yansanje.

Makolo athu nawonso anali ndi akazi a mizimu. Ku Msinja kunali Makewana, woyesedwa mkazi wa Chauta, wosakwatiwa ndi munthu, wosameta tsitsi kuopa kuti mvula ingaleke. Ndipo anamwali otchedwa matsano analikumtumikira. Ku Khulubvi, m'boma la Nsanje, kuli dzina la Salima, mkazi wopatulidwa wa Mbona. Maukwati otere sanali a chibwenzi ai, anali a mvula, ndipo mudzi wonse unali ndi gawo m'menemo. Malemu Steve Chimombo anazindikira ichi polemba sewero lake The Rainmaker la 1978, pakuti anakonzanso mbiri ya Mbona monga anafunira mwini, koma mvula anaisiya pakati pa mlandu.

Tsiku lina mlembi wathu wachinyamata, wokhuta mabuku a Hades, adzatenga Salima kapena mmodzi wa matsano kumlembera chikondi, ndipo sindimletsa. Afunse ndithu ngati mkaziyo anafuna kulowa m'kachisi. Koma atilembererenso amake amene anatsala pakhomo, ndi anthu a nkhokwe zopanda kanthu amene anamperekeza kunkhalango. Pakuti iwo analinso ndi ana awo akulira chakudya, ndipo mitambo inali isanaoneke.