Mbalule ilirire sitampa ya Dien Bien Phu

Gunda yamba, mpanje vomera, mbalule lankhula! Amayi, nthungululu zikhale pafupi, lero tikutamanda kapepala.

Ndiwe, sitampa ya nkhondo ya Dien Bien Phu, mwana wa 1954, wobadwa fungo la wonga lisanathe m'chigwa cha Muong Thanh. Kachepa-kasenza-chigwa! Mthenga-wosapempha-kamba! Mwana wa dzanja la Bui Trang Chuoc, mmisiri amene anajambulanso chizindikiro cha dziko la Vietnam. Unatuluka wopanda mano m'mbali, wapapositi ankachita kukudula ndi sizasi, koma pankhope pako panaima msilikali wa Vietnam, mapazi ali padenga la dzenje la Christian de Castries, mkulu wa asilikali a France, amene anatulukamo ali mkaidi pa 7 Meyi.

Munabadwa anayi. Wina wa ma dong 10, wina wa 50, wina wa 150. Koma iwe wachinayi, womata makalata a boma, mtengo wako unalembedwa m'mpunga: magalamu 600 a mpunga wosasinja! Oimba ng'oma, bwerezani pamenepo, bwerezaninso. Mpunga-pamphumi! Muyeso-wa-mlimi! M'masiku amenewo ndalama inkatha mphamvu, msonkho ankapereka mpunga, ndipo ine ndikuti palibe sitampa inanena zoona za nkhondo ija kuposa iwe.

Pakuti msilikali uja sanakwere padengapo ndi njala. Anamudyetsa ndani? Tamandani amayi ndi abambo osenza mitengatenga, oyenda usiku kuopa ndege, owoloka mitsinje madzi ali m'chiuno. Tamandani njinga yakapalasa imene mwini wake sankaikwera, Kavalo-wachitsulo-wosadya-msipu, yomangiriridwa nsungwi pachiwongolero, yosenza makilogalamu 200, ina mpaka 300, mwini ali pambali kukankha, thukuta lili kamukamu. Iwowa pachithunzi palibe, anabisala mu mtengo wako.

Tamandani okoka mizinga ndi zingwe, mkono ndi mkono, kukweza mapiri amene a France anati mzinga sungakwere. Atafika nayo pamwamba, Vo Nguyen Giap, mkulu wa asilikali a Vietnam, amene kale anali mphunzitsi wa mbiri yakale ku Hanoi, anati ibwerere kaye, nthawi sinakwane. Anaitsitsa, anaikwezanso. Wofatsa-pokonza, Wosathamangira-maliro-a-ana-ake! Ndipo msilikali To Vinh Dien, pamene mzinga unapulumuka pamtsetse, anautchinga ndi thupi lake. Apa ng'oma itsike pang'ono. Ameneyu anali mwana wa munthu.

Ikwerenso! Pa 13 Marichi mapiri anasanza moto, linga la Béatrice linagwa usiku womwewo, Gabrielle inatsatira. Charles Piroth, mkulu wa mizinga ya France, amene analonjeza kuti adzaitontholetsa mizinga ya m'phiri, anadzipha ndi bomba la m'manja. Bwalo la ndege linafa. Ngalande zinakumbidwa usiku ndi usiku, kuyandikira, kuzinga, kufinya, mvula ikugwa, matope ali m'mawondo, masiku 56. Usiku wa 6 Meyi nthaka ya pansi pa phiri la Eliane 2 inaphulika, ndipo dzuwa lotsatira lisanalowe asilikali oposa 10,000 anali atakweza manja.

Sitampa iwe, Wouza-dziko-osatsegula-pakamwa, sindikubisira kuti pansi pa utoto wako pali manda ambiri, a mbali zonse. Ambiri mwa akaidi aja sanabwerere kwawo. Ndipo ku Geneva, mu Julaye, akuluakulu analidula pakati dziko limene magazi analiwombola, nkhondo ina n'kudikira pakhomo.

Komabe yenda, Mlowa-m'thumba-la-aliyense, yenda! M'ngalande za France zija munalinso ana a Africa, a ku Algeria, a ku Morocco, a ku Senegal, otumidwa kukafera mbendera ya mwini. Anaona ndi maso awo mtsamunda akukweza manja pamaso pa alimi a mpunga. Pa 1 Novembala chaka chomwecho, mfuti zinalira m'mapiri a Aurès, Algeria n'kuyamba nkhondo yake.