Owerengera Anzawo pa Biriwiri

Pa Biriwiri maso a anthu amakhala pa msewu wa M1: mabasi, milu ya kachewere, ndi Mozambique ali tsidya la phula chabe. Ndi ochepa amene amaona mkulu wokhala pakhonde la golosale, buku lokutidwa ndi pepala la thumba la simenti lili pamaondo. Masamba ake ndi achikasu, onunkha utsi, m'mphepete chiswe chinalawako.

Kuwerengera anthu ndi luso. Mkuluyu amanyowetsa chala, natembenuza tsamba mosamala, ndipo amadikira lole idutse asanafike pa mfundo yolemera. Buku likakhala la Chingerezi amamasulira pomwepo, mpweya osadukiza. Amadziwanso poimira. Wolemba akanena za Gomani Chikuse, amene atsamunda anamupha mu 1896, iye amatseka buku chala chili m'kati, kuti agogo amene akumvetsera anene zomwe anamva kwa makolo awo, ngakhale zitsutsane ndi zolembedwazo. Akafika pa Inkosi Philip Gomani, amene anachotsedwa pampando mu 1953 chifukwa chokana chitaganya, mawu amatsika okha.

Tsiku lina amawerenga Malamulo Aakulu a dziko, a 1994 aja. Mayi wogulitsa tomato amamvera pomwepo kuti apolisi akamanga munthu ayenera kumufikitsa kukhoti pasanathe maola 48. Popanda mkuluyu, mawu amenewo akanangogona m'maofesi ku Lilongwe. Achinyamata akanadziwa chitaganya ngati funso la mayeso a MSCE basi, ndipo mkangano wa ndale pamsika akanamapambana wofuula kwambiri.