Onyamula macila pa khoma la kacisi wa ku Bengal

M'mudzi wa Antpur, m'boma la Hooghly ku West Bengal, India, muli kacisi wa Ahindu wochedwa Radha Govinda. Anamangidwa mu 1786 na ndalama za Krishnaram Mitra, amene anali kuyang'anila cuma ca mfumu ya ku Bardhaman. Ni kacisi wa njelwa, ndipo khoma lake lakutsogolo ni lodzala na zithunzi zoumba na dongo loocha. Ambili amene amaika zithunzi za akacisi otele pa intaneti amangoti ni okongola, basi. Ine niona kuti makoma aya afunika kuwawelenga monga buku, na kufunsa funso limene timafunsa buku lililonse: nkhaniyi ikukambidwa na maso a ndani?

Coyamba cimene ciyenela kutamandidwa ni nzelu za amisili. Bengal ni dziko la mitsinje na matope, miyala yomangila ni yosowa. Amisili, ambili a iwo ocokela m'gulu la akalipentala lochedwa sutradhar, anatenga dothi lomwelo, n'kuumba timapale, kusemapo zithunzi dongo likali lofewa, kutuocha, na kutumata pa khoma. Denga nalonso sanakalibweleke kutali. Limapindika monga la nyumba ya mlimi ya nsungwi na udzu. La ku Antpur ni la mtundu wa atchala: mbali zinayi pansi, zina zinayi zing'onozing'ono pamwamba. Ku Bishnupur, kacisi wa Jor Bangla wa mu 1655 amaoneka monga tunyumba tuŵili twa kumudzi togundana. Mulungu anam'mangila nyumba yofanana na ya munthu wolima mpunga, ndipo apa m'pamene luso limeneli lili na mphamvu.

Pa akacisi ambili a mtundu uyu, nkhani zimakhala m'mizele. Pamwamba pa makomo pamakhala za milungu: Rama akumenyana na Ravana, kapena Krishna na citolilo cake pakati pa atsikana oŵeta ng'ombe. Pansi, pafupi na nthaka, m'pamene pamakhala umoyo wa anthu: alenje, ovina, maboti, azungu a zipewa na mfuti, ndiponso bwana mwini minda atatsamila, akukoka fodya wa mumtsuko uja amene acinyamata masiku ano amati shisha. Olemba ena amakondwela na mzele wapansi uyu, amati ni umoyo wa kumudzi mmene unalili. Apa nikana.

Onani zaka. Mu 1765 kampani ya East India Company inapatsidwa mphamvu zotolela misonkho ku Bengal. Mu 1770 kunagwa njala yoopsa imene inapha anthu mamiliyoni. Kacisi wa ku Antpur anamangidwa patangopita zaka 16. Cuma comangila akacisi ambili a nthawi imeneyo cinali ca eni minda, otolela misonkho na amalonda, ndipo mizele yapansi imaonetsa zimene iwo anali kunyadila: ulenje, maphwando, maulendo. Mlimi amene anali kulipila msonkho mbale ili mbee si ndiye mwini nkhani. Wolipila ng'oma ndiye anasankha nyimbo.

Komabe mmisili sanagonje kothelatu. Cithunzi cofala kwambili ni ca bwana ali m'macila. Ise kuno macila tiwadziŵa, cifukwa azigogo athu ananyamulamo azungu a boma. Macila sayenda okha. Kuti bwana aoneke wamkulu, mmisili anayenela kusemanso amuna omunyamula, mtengo uli pa phewa. Boti nalonso lifuna opalasa, ndipo ng'oma ifuna woiomba. Motelo anthu wamba analoŵa pa khoma kupitila pa khomo la nchito. Amene ayang'ana bwana yekha waŵelenga hafu cabe ya tsamba, ndipo pa cithunzi cimodzimodzico onyamula ndiwo ambili.

Mwala kapena njelwa yolembedwa pa kacisi nthawi zambili imachula mulungu, caka na wopeleka ndalama. Maina a amisili amapezeka pa akacisi ena cabe. David McCutchion, Mngelezi amene anali kuphunzitsa pa yunivesiti ya Jadavpur ku Kolkata ndipo anamwalila mu 1972, anayenda m'midzi yambili kujambula na kulemba za akacisi aŵa, ambili ali m'thengo, mizu ya mitengo ikung'amba makoma. Cinyontho na mcele zimakwela kucokela m'nthaka, conco mzele wapansi, uja wa onyamula macila na opalasa maboti, ndiwo uli pafupi kwambili na ngozi.

Imwe amene mulemba nthano na ndakatulo za mu komboni, funso la Antpur likukhudzani. Mukalemba za bwana wa motoka yaikulu, kaŵelengeninso tsamba lanu, muone ngati wotsegula geti na wotsuka motokayo ali na nkhope na dzina, kapena mwangomupatsa manja.