Madonati a pa Kantemba ka ku Mtendere

Anzanga acinyamata, mukadutsa pafupi ndi msika wa Mtendere m'mawa, fungo lidzakuitanirani ku kantemba kena kumene amai ena amakazinga madonati. Ndalawa mitundu itatu, ndipo ndikuuzani mosabisa.

Donati ya shuga ndiyo yopambana. Ndi yofewa, yakupsa mpaka m'kati, ndipo siisiya mafuta ambiri pa pepala. Ici cionetsa kuti saladi anatentha bwino ndiponso ndi watsopano, osati uja wakuda wokazingira masiku anai, woyabwa pakhosi. Ya cokoleti yandikhumudwitsa: kutsekemera kwapitirira, ndipo dzuwa likangotentha cokoleti cisungunukira m'zala. Nanga ya jamu? Jamuyo mudzacita kumufunafuna ndi toci.

Mtengo wake ndi wowawa pang'ono. Donati imodzi ilingana ndi vitumbuwa vitatu, cikhalireco ili ndi ciboo pakati! Wanjala wocokera ku kwaya sangakhute nayo.

Koma candikopa ndi ici: madonati akhala m'bokosi la galasi, amai awatenga ndi copanira, ndipo ndalama alandira mwana wao. Inu a ku Kanyama mukumbukira kolera ya 2017 ndi 2018, pamene boma linaletsa malonda a m'misewu, ndi ija ya 2024 imene inasandutsa Heroes Stadium kukhala cipatala. Beseni la vitumbuwa losavundikira, nchenche zikuterapo, si lochipa monga lionekera.

Pa msonkhano wa gulu lanu gulani a shuga, muwadule pakati kuti akwanire onse.