Kusokonezeka kwa Mawu Ofotokoza Dothi pa Ntchito za Zomangamanga

Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anaononga misewu ndi nyumba m'boma la Nsanje, kuphatikizapo dera la Mfumu Yaikulu Malemia. Pomanganso, uthenga wa akatswiri uyenera kufika kwa amisiri ndi makomiti a m'midzi m'Chichewa chomveka. Vuto lili pa mawu atatu a Chingerezi amene omasulira amawasakaniza: compaction, consolidation ndi settlement.

Loyamba ndi ntchito ya munthu kapena makina yopanikiza dothi kuti mpweya uchoke pakati pa timibulu take. Muyeso wake anaukonza Ralph Proctor mu 1933, ndipo anaonetsa kuti dothi limagwirana bwino likakhala ndi chinyezi choyenera. Apa palibe chifukwa chobwerekera mawu, pakuti womanga aliyense amadziwa kutsendera.

Lachiwiri limachitika lokha. Katundu wolemera akakhala pa dothi lonyowa, madzi amatuluka pang'onopang'ono, monga Karl Terzaghi anafotokozera mu 1925. Mumchenga ndi m'nsangalabwi madzi amatuluka msanga, koma m'makande a m'chigwa cha Shire zimatha kutenga zaka. Mawu oyenera ndi kufinyika. Mneni ameneyu akusonyeza kuti palibe munthu wofinya, ndiponso akukumbutsa owerenga za madzi otuluka.

Cholakwa chachikulu chili pa lachitatu. Womasulira wongotsata dikishonale amalemba kukhazikika. M'Chichewa chinthu chokhazikika ndi chimene sichisunthanso, pamene katswiri akunena kuti maziko akutsika. Komiti ya sukulu ikawerenga kuti maziko akhazikika, idzaleka kuyang'anira ming'alu ya khoma pa nthawi imene ikuyenera kuchenjera. Kumira sikuthandizanso, chifukwa kwa anthu a m'mbali mwa Shire amamira ndi bwato. Mawu olondola ndi kutitimira.

Msakanizo wa dothi ndi miyala ya kwale ukuonetsa ubwino wosiyanitsa mawuwa. Miyala ikachuluka mpaka kukhudzana, imasenza yokha katundu ndipo msewu umatitimira pang'ono. Dothi likachuluka, miyala imangokwiririka m'menemo, ndipo dothilo ndi limene limafinyika.

Choncho alembi, akonzi ndi aphunzitsi akupemphedwa kulemba motere: dothi losatsenderedwa bwino, kapena limene likufinyikabe, limachititsa maziko kutitimira.