Khutu la muulutsi ku Mzimba

Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi ya MBC mu 1968, chipani cha Malawi Congress chitagamula kuti Chichewa ndicho chinenero cha fuko. Chinabwererapo mu 1994 Bakili Muluzi atalowa m'boma, ndipo Chiyawo, Chilomwe ndi Chisena zinatsatira mu 1996. Kumeneko kunali kukonza cholakwa, koma kugawira chinenero mphindi zake sikuphunzitsa munthu kuulutsa mawu. Luso limaoneka muulutsi akayamba kuyankhula.

Kummwera kwa Mzimba ndi malo oyesera lusoli. Pamsika wa Jenda Chitumbuka chimakumana ndi Chichewa cha ku Kasungu komanso malankhulidwe a amalonda ochokera ku Lundazi. Ku Edingeni, kwa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa V, anthu amacheza m'Chitumbuka, koma Chingoni chikadali m'nyimbo za ingoma ndi m'mawu otamanda mafumu. Anyamata obwera kuchokera ku Joni nawo amathiramo Chizulu chawo.

Chimene chimandipweteka ndi nkhani zomasulira mothamanga. Nkhani imalembedwa m'Chingerezi, wina n'kuisandutsa Chitumbuka liwu ndi liwu. Mawu onse amakhala olondola, koma agogo a ku Embangweni amachita kufunsa mdzukulu kuti wailesi yati chiyani. Muulutsi waluso amayamba waimvetsa nkhaniyo, kenako n'kuifotokoza monga angauzire mnansi wake: mtengo wa feteleza poyamba, dzina la msonkhano pambuyo.

Wailesi za pafupi, monga Mzimba Community Radio, zili ndi mwayi umene wailesi ya dziko lonse ilibe, chifukwa woimba foni ndi munthu amene muulutsi angakumane naye mawa kuchigayo. Mayi akapereka moni m'Chichewa, n'kuyamba kudodoma pofika pa nkhani ya malire a munda, muulutsi wakhutu amalowa m'Chitumbuka mwakachetechete, osalengeza, ndipo mayiyo amamasuka. Pambuyo pake amabwereza mfundoyo mwachidule m'Chichewa kuti mphunzitsi wochokera ku Dedza asatsalire. Kubwereza zonse kawiri kumatopetsa. Kusankha chiganizo chimodzi choyenera kuwoloka ndiyo ntchito yeniyeni.

Mauthenga a maliro ndiwo mayeso aakulu. Wopotoza dzina la Emfeni kapena Euthini, kapena wodumpha chiwongo cha malemu, walakwira banja lonse pa tsiku limene silingadziyankhire.

Wailesi za kanema zikadali m'mbuyo. Pa mwambo wa Umthetho kuphiri la Hora mu Ogasiti, wotamanda mfumu akangokweza mawu, wofotokozera nayenso amayamba kulongosola pamwamba pake, poopa kuti oonera sakumva Chingoni. Potero amakwirira chinthu chokhacho chimene oonerawo sakanachimva kwina kulikonse. Kamera ikhale pa wotamandayo mpaka amalize, tanthauzo lilembedwe m'munsi mwa chithunzi m'Chitumbuka kapena m'Chichewa, ndipo wofotokozera adikire kufikira fumbi la ingoma litayamba kukwera.